Mkanda wa Siliva wa Mayi Felista Makina

Ndikupereka moni waulemu kwa inu nonse amene mukuwerenga, akulu ndi ang'ono omwe. Munthu amene ndafuna kuti mumudziwe ndi Mayi Felista Rozaria Makina a kwa Jenala, m'boma la Phalombe, amene anthu a pa msika wa Migowi amangowatchula kuti Amayi a Velo.

Mayi Makina anabadwira kunsi kwa phiri la Michesi, kufupi ndi mpata wa Fort Lister, m'banja la alimi a chinangwa ndi nandolo. Sukulu sanapite nayo patali. Anakwatiwa ndi bambo wina wocheka matabwa, ndipo mwa ana amene anabereka anakula ndi mmodzi yekha, mtsikana dzina lake Hilda. M'chaka cha 1991 napolo anatsika m'phiri, nakwirira munda wawo ndi miyala ikuluikulu, ndipo amuna awo sanapezeke. Popeza pa miyala sipalimika, anasamukira kwa Jenala, kumene abale a mayi awo anawagawira malo.

Ulamuliro wa zipani zambiri utayamba, zovala za kaunjika zinadzaza m'misika yonse. Mayi Makina ankasonkherana ndi amayi anzawo kugula belo ku Limbe n'kugawana. M'chaka cha 1996, m'gawo lawo munali jekete lachikopa lobooka thumba, lolemera mbali imodzi. Atasomola nsalu ya m'kati anapeza mkanda umene sanauonepo chibadwire. Unali wa mikanda ya siliva yaikulu ngati nzama, m'mbali mwake muli tizitsulo tosulidwa ngati maluwa a maungu, ndipo kumunsi kunali chitsulo chopindika ngati mwezi wongooneka kumene. Pa duwa lililonse ndiponso pa mweziwo panali miyala ya buluu, yowala ngati thambo la m'chilimwe. Mphunzitsi wina wa ku Amereka amene ankaphunzitsa pa sekondale anauona, nanena kuti ndi wakale, ndipo anausula ndi manja anthu a mtundu wa Navajo, okhala ku dera louma la dziko la kwawo. Anawalangiza kuti ausunge bwino. Kasungidwe kake sanafotokoze, kapena anafotokoza koma Chingerezi chinawapitirira.

Kuyambira pamenepo moyo wa Mayi Makina unasintha. M'mabelo ena anapezamo diresi loyera ndi velo, ndipo anayamba kubwereketsa zinthu zitatuzi kwa akwatibwi. Diresi ndi velo zinkapezeka kwa anthu enanso, koma mkanda wotere unali umodzi m'dera lonse. Anthu ankachokera kwa Chiwalo ndi ku Chiringa kudzaupempha. Mayi Makina ankapita nawo okha ku ukwati, kuuveka okha mkwatibwi anamkungwi akatha kumudzoza, n'kukhala pambali kuuyang'anira kufikira perekaniperekani atatha. Silivayo ikada ankaipukuta ndi phulusa losefa. Ndi mkanda umenewu anafolera nyumba yawo ndi malata, nalipirira Hilda sukulu kufikira fomu yachiwiri.

Koma zaka zimenezo zinali za maliro ambiri. Matenda a Edzi anali atalowa m'midzi, ndipo anthu sankawatchula dzina, ankangoti zomwezi. Mtsikana wina dzina lake Lily, amene anavala mkandawo pa ukwati wake, anamwalira chaka chisanathe atawonda kwambiri. Pa maliro ake mayi wina ananong'oneza mnzake kuti tsiku la ukwatiwo anaona mwala umodzi utasiya kuwala, utatenga mtundu wa ndere. Mayi Makina atamva anakauyang'ana, ndipo anapeza kuti n'zoona: mwala wina wa kumtunda unali wobiriwira mothimbirira. Patapita nthawi anamwaliranso mkwatibwi wina, ndipo miyala yosintha inali itaonjezekera. Mphekesera inakula kuti mkanda wa Amayi a Velo umadziwa magazi a munthu, ndipo ukavalidwa ndi wodwala mwala umodzi umafa.

Owerenga angaganize kuti anthu analeka kuubwereka. Zinali zosiyana. Akuchimuna anayamba kuufuna kwambiri, ndipo pa ukwati maso a anthu sankakhalanso pa nkhope ya mkwatibwi koma pa chifuwa chake. Mayi Makina zinthuzi zinkawasautsa. Pakamwa ankakana kuti mwala sungadziwe kanthu, koma mumtima sankatsimikiza, chifukwa miyala inkasinthadi ndipo atsikana ankamwaliradi.

M'chaka cha 2003 Hilda anafunsiridwa ndi Hector Sitima, mnyamata wa kwa Chiwalo amene ankapikula matemba ku madoko a nyanja ya Chilwa n'kukagulitsa pa njinga m'misika. Hector anali wamasiye. Anamulera ndi mayi ake aakulu, a Fyness, mayi wogulitsa kalongonda, wodziwika ndi pakamwa. Ankhoswe a mbali zonse anakumana pa khonde la Mayi Makina, ndipo kwa Hilda kunaimira a Wyson, mchimwene wawo wa Mayi Makina. Hector anakhala patali, kuseri kwa nkhokwe, monga mwa ulemu. Zonse zinayenda bwino kufikira a Fyness atapempha kulankhula.

"Ife tilibe mawu ambiri," anatero. "Mwana wanu tamuona, amagwada bwino, madzi amapereka bwino. Koma kugwada sikuonetsa za m'kati. Avale mkanda uja kwa sabata ukwati usanalengezedwe ku tchalitchi, tidzaone miyala."

A Wyson anayesa kuisandutsa nthabwala. "Mayi, udokotala mwauyamba liti? Dzana lomweli ndinakuonani mukupima kalongonda ndi chikombe, lero mukupima anthu?"

"Kalongondayo munadya mpaka kunyambita tsamba, a Wyson. Khalani chete, ndikulankhula ndi mwini mwana." Anatembenukira kwa Mayi Makina. "Nanga inu mwangoti duu bwanji? Mkanda ndi wanu womwe. Ana a anzanu mwawaveka dera lonse lino, wanu yekha ndiye mukumubisa?"

Mawu amenewa anawalasa, chifukwa panali chinthu chimene sanauzepo munthu. Hilda atasiya sukulu anakagwira ntchito ya m'nyumba ku Limbe, ndipo anabwerako atawonda, akutsokomola. Anachira, thupi linabwerera, koma mayi ake sanamufunse za moyo wa kutauniko chifukwa ankaopa yankho. Tsopano anaona kuti akakana, dera lonse lidzati akudziwa kanthu, ndipo Hilda sadzafunsiridwanso. Akavomera, mwala n'kusintha, mwana wawo adzakhala ataphedwa ndi chinthu cha m'nyumba mwawo momwe.

"Ndamva," anayankha potsiriza. "Hilda avala. Koma ukwati ndi wa anthu awiri. Ayambe kuvala ndi mwana wanu, amene amagona m'madoko."

"Mwamuna avale mkanda? Akukavina tchopa?" anafunsa a Fyness.

"Avale m'kati mwa malaya. Ngati mwalawo umadziwa magazi, sufunsa kuti khosi ili ndi la mwamuna kapena la mkazi."

Mayi Makina ankayembekeza kuti akuchimuna achita mantha, nkhani ya mkanda ithere pomwepo. A Fyness nawo anayamba kuyang'ana pansi. Koma mawu anamveka kuchokera kuseri kwa nkhokwe.

"Ndivala, amayi. Bweretsani."

Anali Hector. A Wyson anamutengera mkandawo, onse atayamba aona bwino miyala imene inali ya buluu ndi imene inali itasintha kale.

Masiku otsatirawo m'nyumba mwa Mayi Makina munalibe mtendere. Hilda anamva zonse ali m'chipinda, ndipo mmawa wake, akusenda chinangwa, anafunsa osakweza nkhope.

"Amayi, inuyo mumakhulupirira za mkandawu?"

"Sindidziwa, mwana wanga."

"Mukanati ayi. Mwati simudziwa. Ndiye kuti nanunso mumandiyang'ana pa chifuwa ngati enawa."

Atatero Hilda anatenga dengu lake n'kukasendera kuseri. Chakudya ankadya aliyense payekha. Njinga iliyonse ikalira belu pa msewu, Mayi Makina ankatuluka kukasuzumira. Ku msika analephera kugulitsa, chifukwa amayi anzawo ankawafunsa moseka kuti, "Nanga apongozi anu a mkanda ali bwanji, akuwala?" Iwo ankaseka nawo pang'ono.

Sabata lisanathe, dzuwa lili paliwombo, Hector anafika akukankha njinga yopanda katundu. Anaitsamiritsa pa mtengo wa mango, nagwada patali atatembenukira kumbali. Anaika kanthu kokulunga m'kansalu pansi, nakakankhira kutsogolo ndi dzanja.

"Amayi, katundu wanu uyu. Mumuuze Hilda apeze wina. Ine ndapezeka nazo."

"Wapezeka ndi chiyani, bambo?"

Anatsegula kolala ya malaya. Khosi lake linali ndi mzere wakuda mozungulira, ngati munthu wamulemba ndi khala. Milomo yake inali youma, ndipo zinkaoneka kuti sanadye. Za mzerewo Mayi Makina sanachite nazo mantha, chifukwa zala zawo zinkadanso chimodzimodzi akamapukuta siliva. Anamutumizira sopo ndi madzi m'beseni, ndipo atasamba kudako kunachoka. Koma Hector anapukusa mutu.

"Khosi layera, amayi, koma mwala sunayere. Tsegulani muone."

Anatsegula. Miyala iwiri ya kumtunda, imene onse anaiona ili ya buluu, inali itathimbirira.

"Sindinganame pamaso panu," anatero Hector. "M'madokomo munthu sakhala mngelo. Zinachitikapo kale, ndisanadziwe Hilda. Sindifuna kumupha mwana wanu. A Fyness ndawauza kale, akulira kunyumba." Atatero anadzuka, natenga njinga yake, napita osakwera.

Hilda anali ataima pakhomo. Sanalire. Anangoti, "Mwapambana, amayi. Mwanditeteza," nalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Mayi Makina anatsala pabwalo ndi mkanda uli m'manja. Msampha umene anatchera kuti apulumutse mwana wawo unali utakola mkamwini, ndipo ukwati unali utatha usanayambe. Anakhala nthawi yaitali akutembenuza mkandawo. Unkanunkha matemba ndi thukuta, komanso unkanunkha chinthu china chimene anachizindikira: mafuta odzola. Atapaka chala pa miyala iwiri ija, chalacho chinanyezimira. Anatuma a Wyson kuti akamupeze Hector pa msewu akamufunse, ndipo anabwera ndi yankho lakuti chitsulocho chinkamunyula khosi akamapalasa njinga, choncho ankadzola mafuta ambiri m'mawa uliwonse kuti chisamupweteke.

Pamenepo anayamba kuuyang'ana mkandawo mwatsopano. Miyala yonse yosintha inali ya kumtunda, imene imagona pa khungu la khosi. Ya pa mwezi wa kumunsi, imene imagona pamwamba pa diresi, inali ya buluu monga tsiku loyamba. Anakumbukiranso mmene anamkungwi amamudzozera mkwatibwi mafuta kufikira khosi likuwala ngati botolo, iwo n'kubwera pambuyo pake kudzamuveka. Anatenga mafuta ophikira, nadonthetsera pa mwala umodzi wa pa mwezi, nauika pa mbale. Pofika madzulo mwalawo unali utada. Patapita masiku ochepa unafanana ndi anzake aja.

Sanakondwere msanga. Anakhala pansi akuganiza za mayi ake a Lily, amene kwa zaka anthu ankawaloza kuti mwana wawo anaululidwa ndi mwala pamaso pa mpingo. Anaganizanso kuti ngati mkandawo sudziwa kanthu, ndiye kuti za Hector ndi za Hilda zikadali zosadziwika monga kale. Komabe chinthu chimodzi chinali m'manja mwawo, ndipo anatumiza uthenga kwa Chiwalo kuti ankhoswe akumanenso.

A Fyness anabwera maso ali otupa, Hector ali pambuyo. Anabweranso anthu ena osaitanidwa, naima m'mphepete mwa bwalo. Mayi Makina anafotokoza za mafuta, naonetsa mwala wa pa mwezi uja.

"Ndiye mukuti mwana wanga sanapezeke nazo?" anafunsa a Fyness.

"Ndikuti mwalawu sunapeze kanthu. Unangomwa mafuta, monga mmene njerwa imamwera madzi."

Bambo wina wa m'gulu la oimirira anaseka. "Amayi a Velo ndi ochenjera. Mwala umodziwo mwina anauvala okha, ndiye ukuwaulula iwowo!"

Ena anaseka, ena anavomereza ndi mitu. Ngakhale a Fyness, amene ankafunitsitsa kukhulupirira, anati, "Mwala umodzi si umboni, mayi. Munausankha nokha, munali nokha, ndipo mukufuna mwana wanu akwatiwe."

Mayi Makina analowa m'nyumba, natuluka ndi bakuli ndi botolo la mafuta ophikira. Anaika mkanda wonse m'bakulimo. A Wyson atazindikira chimene chikuchitika anadzuka n'kuwagwira dzanja.

"Mlongo, taima! Limeneli ndi khasu lako. Ukalithyola udzalima ndi chiyani? Malata awa anagula ndani?"

"Ndisiyeni, achimwene. Khasu limene likutema mwana wanga ndilisungirenji?"

Anakhuthula botolo lonse kufikira mkandawo utamira. Kenaka ananyamula bakulilo ndi manja awiri, nagwada, nalipereka kwa a Fyness.

"Bakuli ili lilibe magazi, siligona m'madoko, ndipo ku Limbe silinapiteko. Litengeni inuyo. Mukalitsekere m'nyumba mwanu, munthu asaligwire, ine ndisafikeko. Miyala ikakhala ya buluu, ndine wabodza, ndipo Hilda mumusiye. Ikasintha yonse, mudzatiuze kuti bakuli ladwala chiyani."

A Fyness analilandira, nalivundikira ndi mbale, nalimanga m'nsalu. Hector analinyamula pa njinga mosamala ngati mazira.

Kudikira kwachiwiriku kunali kowawa kuposa koyamba. Mayi Makina anali atayesa mwala umodzi wokha, ndipo sankadziwa ngati yonse imamwa mofanana. Ankadzifunsa kuti nanga utatsala umodzi wa buluu anthu adzati chiyani. Mabanja awiri amene anali atapempha mkandawo anatumiza mawu kuti basi, adzangobwereka velo. Hilda anayamba kulankhula nawo pang'ono, koma za mchere ndi nkhuni zokha.

Sabata lotsatira a Fyness anatulukira m'mawa, ali okha, atasenza bakuli pamutu. Analandiridwa, nakhala pa mphasa, nayankha moni wonse mosafulumira. Kenaka anavundukula. Panalibe mwala ngakhale umodzi wa buluu. Yonse inali yothimbirira, ina yobiriwira kwambiri, ina pang'ono.

"Ndinkalisuzumira tsiku lililonse ngati nkhuku yofungatira," anatero a Fyness. "Mwaononga chinthu chokongola, asewere. Ine sindikanatha." Anapukuta zala zawo pa chitenje. "Uja Hector wayambanso kudya, watsala pang'ono kutimalizira ufa. Muwauze a Wyson akalembetse ku tchalitchi, asamangodziwa kunyambita masamba."

Ukwati wa Hector ndi Hilda unachitika anthu atakolola nandolo. Hilda anavala diresi ndi velo, khosi lake lili lopanda kanthu, ndipo anthu anamuyang'ana kumaso. Ndinamva kuti ukwati usanachitike awiriwa anapita okha ku chipatala cha mishoni kukayezetsa magazi. Chimene anauzidwa kumeneko ine sindichidziwa, Mayi Makina nawo akuti sanafunse, ndipo kufikira lero Hilda akatsokomola iwo amasiya chimene akugwira n'kumvetsera. Mkanda uja palibenso amene amaubwereka. Mayi Makina anabwerera ku kaunjika ndi ku munda wa chinangwa, ndipo zinthu m'nyumba mwawo zinachepa ndithu.

Pomaliza ndikupemphani mwaulemu, makamaka inu a kwa Jenala ndi kwa Chiwalo amene munapita ku maukwati a zaka zimenezo, kuti mukumbukire chinthu chimodzi chokha: miyala ya mkanda wa Mayi Felista Makina inkasintha chifukwa cha mafuta, ndipo sinadziwepo kanthu za magazi a mwana wa munthu aliyense.